Chitseko Chachikasu cha pa Nambala 14

Kalatayo ndinalemba ndine, poti ndinali mlembi wa komiti ya eni nyumba ku Heron Creek, kunja kwa mzinda wa Columbus. Inali yachidule: chitseko cha pa nambala 14 chapakidwa penti wachikasu popanda chilolezo, chibwezeredwe mwakale pasanathe mwezi.

Mwini nyumbayo, Lorna Beaudry, sanavutike n'kuyankha pa pepala. Anabwera yekha kwathu.

"Mwalemba ndinu izi, Priscilla?"

"Ndi malamulo, Lorna. Mitundu yololedwa ilipo isanu ndi umodzi."

"Ndaiona. Yonse ndi phulusa, mwangoisintha maina."

Atakhala pansi, anandiuza zimene anali asanauzepo munthu, ngakhale kutchalitchi. Mwamuna wake Emmett, amene anagawa makalata zaka makumi atatu osasocherapo, anali atayamba kuiwala. Masana alionse ankakawongola miyendo kudziwe, koma pobwerera, nyumba zathu makumi anayi zofanana denga, khoma ndi kapinga yemwe zinkamuzunguza mutu. Tsiku lina Lorna anamupeza ataima pakati pa msewu, makiyi ali m'manja.

"Nyumba yathu yoyamba ku Toledo inali ndi chitseko chachikasu," anatero. "Chimenecho ndiye sanaiwale. Chipakireni penti, sanaphonyepo khomo."

Nkhaniyo ndinaitengera kwa wapampando wathu, Curtis Hathaway, bambo woyenda ndi buku la malamulo m'galimoto. Anaitana Lorna, namumvetsera mpaka kumapeto.

"Pepani kwambiri, mayi. Koma tikalola chachikasu lero, mawa wina apaka chofiira, mkuja wina amanga khola la nkhuku. Bwanji mungoika mphika wa maluwa pakhomopo?"

"Ndinaika. Anauthirira madzi n'kupitirira."

Curtis anatsokomola n'kutsegula buku lake. Njira inalipo imodzi: eni nyumba oposa theka asaine kuti avomera, kenaka komiti ivote. Ine ndinadziwa tanthauzo lake. Matenda amene Lorna anawabisa chaka chathunthu anayenera kuwanena yekha khomo ndi khomo.

"Ndiye kuti anthu makumi awiri ndi mmodzi?" anafunsa Lorna. "Ndipatseni pepalalo."

Anayenda masabata awiri, m'nyengo yotentha ija ya Ogasiti. Ena anasaina asanamalize n'komwe kufotokoza. Ena anangosuzumira pawindo osatsegula. Bambo wa pa nambala 30 anamuuza kuti munthu wotero malo ake ndi kunyumba yosungirako okalamba. Lorna anamuthokoza, n'kugogoda pa nambala 31. Madzulo ena ndinamuona atakhala pa masitepe a nyumba yake, nsapato atavula, pepala lili pamiyendo. Ndinamupititsira madzi ozizira.

"Asaina angati?" ndinafunsa.

"Khumi ndi asanu ndi atatu. Mawa ndibwereranso kwa osatsegula aja. Sangabisale kubafa sabata yonse."

Tsiku la msonkhano anabwera ndi maina makumi awiri ndi atatu, komanso Emmett, atatchena jekete ndi tayi. Curtis anawerenga mainawo limodzilimodzi, kenaka anatembenukira kwa mkuluyo.

"A Beaudry, muli ndi mawu?"

Emmett anaimirira, nayang'ana mkazi wake, nayang'ananso ife. "Sindikudziwa bwino chimene tabwerera pano," anatero mwaulemu. "Koma ngati Lorna wanena kuti n'chofunika, musalimbane naye. Ine ndinayesapo kukana."

Anthu anaseka, ena akupukuta m'maso. A komiti tinavota: atatu kuvomera, awiri kukana. Curtis anali mwa okanawo, ndipo sanabise. Analembetsa kuti nyumbayo ikadzagulitsidwa, chitsekocho chidzabwerere mwakale. Lorna anati zimenezo adzaone okha ogulawo.

Loweruka m'mawa ndikudutsa ndi galu wanga, ndinamupeza Lorna akupakanso chitseko chija kachiwiri, poti poyamba paja anapaka mothamanga. Emmett anali pampando pakapinga, akuloza ndi ndodo.

"Pamwambapo mwalumphapo, mayi."

"Ndapaona, bwana. Dikirani ndifikepo."