Mafuta a kwa Nicolasa

Eufemia anavundukula poto, nthunzi n'kumuwomba kumaso, iye n'kuyang'ana kumbali. Nsomba inali gone pamwamba pa kaloti, anyezi ndi therere, yotuwa ngati phazi la munthu amene wakhalitsa m'madzi. Mayi woti wakalambira pachiwaya, kukazingira alendo nsomba pagombe la La Boquilla, lero n'kumaphika zinthu zoti ngakhale mphaka angayambe waganiza kaye. Zinkamunyansa. Koma tsiku limene mwamuna wake Wilfrido ankatuluka m'chipatala, adokotala sanapsatire mawu: mtima umenewu ukadzaimanso, sudzadzukanso. Mafuta ayi, mchere pang'ono. Ndiye madzulo aliwonse Eufemia ankaphika zimenezi, n'kumadya nawo kuti bamboyo asaone ngati akulangidwa yekha.

Wilfrido analowa akuimba mluzu, n'kukhala patebulo.

"Kafungo kabwino, mayi a Yesenia," anatero. "Koma mundigawire pang'ono pokha. Matendawa andithetsera njala."

Masiku onsewa nyimbo inali yomweyi, ndipo Eufemia ankamumvera chisoni. Koma lero atawerama kuti aike mbale, anaona ndevu zikunyezimira. Ananunkhiza kolala ya malaya a mwamuna wakeyo. Linali fungo la mafuta opserera, obwereza mpaka kuda ngati a galimoto. Pagombe lonselo wokazingira mafuta otere anali mmodzi yekha: Nicolasa wa chisakasa chakumapeto, amene amapukuta mbale ndi nsalu yomwe wapukutira thukuta.

"Mwadya kwa Nicolasa," anatero Eufemia.

"Ine? Ndangodutsako."

"Kudutsako n'kumene kwakudzozani ndevuzi?"

Wilfrido anapukuta kukamwa ndi kuseri kwa dzanja, n'kuliyang'ana. "Kamutu kamodzi ka nsomba ndi tinthochi tiwiri tokazinga. Ine ndakulira m'bwato, mayi. Izi mukundipatsazi si nsomba, ndi thonje lonyowa."

"Mpunga wa kokonati munaukana, eti?"

Bamboyo anayang'ana kudenga.

"Mwayamba liti?"

"Kaya. Chitulukireni m'chipatala, mwina."

Eufemia anakhala pansi. Chimene chinamupweteka kwambiri si bodzalo ayi, koma chisoni chake chimene anakhala akuchitaya pachabe.

"Ine ndimakazinga tsiku lonse osalawa ngakhale kachipsepse," anatero, "kubwera kuno n'kumameza thonje lomweli chifukwa cha inu. Bola mukanamaba pachiwaya changa, mukanafa ndi mafuta aukhondo. Chakomachakoma pusi anagwa chagada, bambo a Yesenia."

"Musandilalikire. Kufa n'kamodzi, ndipo ine ndifa nditakhuta."

Eufemia anaimirira. Analowa kuchipinda, n'kutulukako ndi malaya oyera a manja aatali amene Wilfrido anavala paukwati wa mwana wawo Yesenia. Anayala nsalu kumapeto kwa tebulo lomwelo, n'kuyatsa simbi. Anayamba ndi kolala, mofatsa, akuwazako timadzi.

"Tikupita kuti?" anafunsa Wilfrido.

"Mukupita ndinu. Ine ndidzangokuperekezani."

"Eufemia."

"Tsikulo ntchito idzandichulukira. Khofi wa anthu a pamaliro, mipando yobwereka, kuimbira abale anu a ku Turbaco. Ndikonzeretu zina." Anatembenuza malayawo. "Batani la pakhosili ndidzakumangeni, kapena limakuthinani? Neneranitu, pajatu simudzatha kudandaula."

Wilfrido anafuna kuseka, koma mkazi wake sankaseka. Ankasita mosamala ngati mmene amachitira ntchito iliyonse imene watsimikiza kuti ikufunika, ndipo misozi inali itamulengeza.

Bamboyo anakoka mbale. Nsomba inali itazizira, therere likutanuka pasupuni. Anameza nkhope itakwinyika, n'kumwera madzi, n'kumezanso. Anadya mpaka kaloti womaliza.

"Ndamaliza," anatero motsitsa mawu. "Kawabwezeni musutikesi."

Eufemia anazimitsa simbi. Ananyamula malaya aja n'kuwapachika pamsomali wa pachitseko chotulukira panja, pamene Wilfrido sangapite kugombe osawadutsa.