Wolowa M'nyumba ya Lendi

Kodi mukuganiza kuti ndani angalowe m'nyumba yokhoma dzuwa likuswa mtengo, osaba kanthu, koma kungotsegula mpopi ndi kuzimitsa firiji? Funso limeneli linasautsa namwino wina ali kutali, foni ili kukhutu, odwala akumudikira pabenchi.

"A landilodi, ine ndatopa," anatero aphunzitsi amene ankachita lendi nyumba yake. "Ndabwera kuchokera kusukulu, ndapeza madzi adzadza m'khitchini mpaka pabalaza. Makope a ana amene ndimafuna kuchonga anyowa onse. Sabata yatha firiji ndinaipeza yozimitsa, nyama yonse itawola. Koma chitseko chokhomedwa bwinobwino."

"Mwina munaiwala kutseka mpopiwo, aphunzitsi."

"Ndiiwale kangati? Ndine munthu wamkulu ine. Alipo amene amalowa muno. Mwezi uno ukatha ndisamuka."

Namwinoyo anakhala pansi mutu uli gwa. Nyumbayo anaimanga yekha, njerwa pang'onopang'ono, akudzimana nsapato ndi zovala. Penti itangouma, akuluakulu a ntchito anamusamutsira kuchipatala china, ulendo wa tsiku lathunthu pabasi. Sanagonemo ngakhale kamodzi. Za ulandilodi sankadziwa chilichonse. Anangopeza mayi wodekha uyu, wokonda kusesa ndi kudzala maluwa, n'kumupatsa kiyi. Kiyi wina anasiyira achimwene ake, omwe anali kalipentala, kuti azikonza zowonongeka. Ankadziwanso kuti aphunzitsiwa akangochoka, achibale sadzalola mlendo wina kulowamo.

Atachoka kuntchito anaimbira amayi ake kuti awadandaulire.

"Amayi, aphunzitsi aja akuti achoka."

"Asiye apite, mwanangu, alendo sathokoza," anayankha amayiwo. "Koma taganiza bwino. Iwe uli ndi nyumba ya zipinda zitatu, pamene Mzime, mlongo wako wamng'ono, akugona ndi mkazi ndi ana m'kachipinda konga bokosi la machesi. Anthu akutiseka."

"Mzime akalowa adzatulukanso? Lendi azidzapereka?"

"Lendi kwa mlongo wake? Ukuyankhula ngati simunayamwe bere limodzi. Sukulu inakuumitsa mtima, mwana iwe."

Mkwiyo umene sanathe kuukhuthulira pa amayi ake anakaukhuthulira pa achimwene ake.

"Achimwene, kiyi muli naye ndinu. Mumakafuna chiyani m'nyumba mwa eni ake iwo kulibe?"

"Ee! Lero ndasanduka wamisala wotsegula mipopi ya anthu?" anakuwa akalipentalawo. "Denga lakolo ndinakhoma ndine, dzuwa likundiwotcha kumsana, osalandira ngakhale kapu ya tiyi. Malipiro anga ndi amenewa eti?"

"Nanga ndani wina? Makiyi alipo awiri okha."

"Bwera udzatenge kiyi wakoyo. Ndipo chimbudzi chikadzatsekeka uzidzachikonza pafoni pomwepo, a bwana landilodi."

Foni inaduka. Kuyambira tsiku limenelo achimwenewo sanayankhenso, ndipo alamu ake, amene ankakonda kumutumizira zithunzi za ana, nawonso anangoti zii.

Mwezi unali kupita kumapeto. Namwinoyo anapempha tchuthi n'kukwera basi osauza wachibale aliyense. Atatsika anapita molunjika kushedi kwa achimwene ake. Anawapeza akupala thabwa. Sanamulonjere. Anapisa m'thumba n'kuponya kiyi pautuchi.

"Achimwene, ndabwera kuti tikambirane."

"Tikambirane chiyani ndi ine wakuba? Loko ameneyo ndinaika ndine. Anali ndi makiyi atatu."

"Wachitatu anasowa nthawi yomanga ija."

"Ndiye kafunse amene anamutola. Tasuntha, ukunditchinga kuwala."

Anatola kiyiyo, manyazi atamugwira, n'kupita kunyumba kwake. Maluwa anali bwino kutsogolo, pabwalo posesa. Koma mkati anapeza makatoni atasanjidwa kukhoma, mbale zitakulungidwa m'manyuzipepala. Chitseko cha kukhitchini chinali chitafufuma ndi madzi, penti ya m'munsi mwa khoma itayamba kusendeka.

"Aphunzitsi, chonde, ndipatseni mpata," anatero namwinoyo. "Mawa mukamapita kusukulu munditsekere mkati muno. Ndikufuna ndimuone ndi maso anga."

Aphunzitsiwo anavomera.

"Khalani, nyumba ndi yanu. Mwinanso mwachita mwayi, mugonamo koyamba. Mukamupeza n'kusintha loko, ndimasula makatoniwa. Mukalephera, galimoto ibwera Loweruka. Ine sindingamagone ndi mantha pamalo poti ndimalipira."

M'mawa mwake aphunzitsi anakhoma chitseko n'kumapita. Namwinoyo anakhala pansi m'chipinda chogona, atatsamira kukhoma limene anasankha yekha mtundu wake wa penti. Anamva ana akupita kusukulu, wogulitsa makala akuitana, kenako msewu wonse unangoti zii. Anayamba kudziona ngati chitsiru. Bwanji ngati munthuyo sabwera? Bwanji ngati aphunzitsiwa anali oiwalaiwala basi, iye n'kudana ndi achimwene ake pachabe?

Dzuwa litakwera anamva geti likulira. Kenako mapazi, oyenda mosathamanga, ngati a munthu wofika pakwawo. Kiyi analowa m'loko ndipo anatembenuka mosavuta. Munthuyo analowa akuyankhula pafoni mokweza, mopanda mantha.

"Usadandaule iwe, makatoni ali mbwee pabalaza pano, walongedza kale. Lero ndingotsegulanso mpopi wa kubafa kuti asasinthe maganizo. Uuze mkazi wako ayambe kuchapa makatani."

Munthuyo anamvetsera zimene wa pafoniyo ankanena, kenako anaseka.

"Uja? Anena chiyani ali kutali? Angolira pafoni, mawa aiwala. Iweyo ukangolowetsa bedi, ndani angakutulutse?"

Madzi anayamba kukhuthukira pasimenti.

Ulendo wonse wa pabasi namwinoyo anakhala akukonza mawu otukwana nawo munthu ameneyu. Anakonzanso zoti adzakuwa mpaka anthu oyandikana nawo adzasonkhane. Tsopano zonsezo anaziiwala. Mawu a munthuyo anawazindikira kalekale, koma mtima unkakanabe. Anaimirira atagwira khoma, natsegula chitseko pang'onopang'ono, n'kuponda m'madzi amene anali atayamba kale kuyenderera m'kakhonde.

Amene anaima m'bafamo, dzanja lili pampopi, kiyi wachitatu akulendewera pachingwe m'khosi, anali amayi ake omubereka.