Dalaivala wa a Cheng Hock

A Saw, mmisiri wa zinthu za mapepala, anali akuizungulirabe galimotoyo, foni ili m'manja. Anajambula kutsogolo, anajambula kumbuyo, mpaka anagwada kuti aone bwino matayala.

"Koma abwanawa ankadziwa kudzikonda," anatero podzuka, dzanja lili pamsana. "Zitseko ziwiri zokha, mphuno yaitali ngati bwato. Magalimoto a anthu akufa ndapanga ambiri, koma iyi indituluka thukuta. Nsungwi sizipindika chonchi."

"Ingopangani yofanana nayo," anatero Boon Teik, mwana wamwamuna wa malemu. "Yobiriwira chomwechi, nambala yomweyi."

"Nambalayo ndailoweza kale. Msewu wonse uno wabetcha nayo lotale, simukudziwa? Inenso ndaponyapo kangachepe."

Mayi Gaik Sim anali pakhonde, m'zovala zoyera za maliro, akupinda mapepala agolide n'kumaponya m'dengu. Amuna awo, a Ooi Cheng Hock, anali atagona kale kumanda a kuphiri. Kunatsala kuwawotchera katundu wawo: nyumba ya mapepala, antchito a mapepala, galimoto ya mapepala, kuti asakasauke kumene apitako. Mwambowo ukatha, galimoto yeniyeniyi inayenera kuchoka. Boon Teik anali atapeza kale wogula ku Kuala Lumpur. Mayiwo sankafuna kuti ichoke, ndipo anali asanauze munthu aliyense.

"Muikemo dalaivala," anatero Boon Teik. "Wa yunifolomu, wa chipewa."

"Dalaivala wa chiyani, achimwene?" analowerera Phaik Leng, mlongo wake, amene anabwera kuchokera ku Singapore. "Ababa analolapo munthu kugwira chiwongolero chawo? Inuyo mwapempha makiyi zaka zonsezi, anakupatsani liti?"

"Munthu wolemekezeka sapita kumeneko akudziyendetsa ngati wa takisi. Anthu atiseka."

"Yopanda dalaivala sindinapangepo," anatero a Saw akukanda mutu. "Mayi, mwini nkhani ndinu. Mukuti bwanji?"

Zala za Mayi Gaik Sim zinaima pa pepala. A Cheng Hock anali naye dalaivala, ndipo dalaivalayo anali iwowo.

Zinayamba m'msewu wokhotakhota wa m'phiri, pochokera ku Balik Pulau, zaka zingapo m'mbuyomo. A Cheng Hock anaima pambali, n'kuzimitsa injini. Kenako anafunsa, "Mayi a Boon, mzere woyera uja wa pakati pa msewu ulipo?" Iwo anati ulipo. "Basi, bwerani mbali ino." Maso anali atachita nkhungu, ndipo adokotala anati nkhunguyo sidzachoka.

Kuyendetsa ankadziwa kalekale. Shopu yawo ya mabisiketi a nyemba ili yaing'ono, ndi iwo ankathamanga ndi veni chilumba chonse cha Penang, mimba ya Boon Teik ikugunda chiwongolero. Ana sanaone zimenezo. Iwo ankadziwa mayi wa kukhitchini, wotalika ngati mwana wa sukulu, wokhala kumanzere atagwira chikwama pamiyendo. Laisensi yokha ndiyo Mayi sanaileke kuti ife.

"Koma ana asadziwe," anatero a Cheng Hock tsiku lomwelo. "Akangodziwa andilanda makiyi, andigulira mpando wogwedera, n'kumandilankhula mokuwa ngati ndagontha. Lumbirani." Analumbira. Magalasi a galimotoyo anali akuda, ndiye anthu oyandikana nawo ankangoona yobiriwira ikutuluka pageti mamawa, n'kumati mdala uja akadali ndi mphamvu.

Eee, maulendo amenewo! Ankakwera mlatho wowolokera kumtunda dzuwa likungotuluka, nyanja ili mbuu uku ndi uku, mabwato a asodzi akuoneka ngati akulendewera m'mwamba. Injini inkang'ung'udza pansipansi, osati phokoso ayi, koma chinthu chomveka m'chifuwa. Akafika pamsewu waukulu wa kumwera, a Cheng Hock ankatsamira, n'kutsinzina.

"Pondani, adalaivala, musaope. Iyi si veni ya mabisiketi."

Ndipo ankaponda. Mpando unkawakankha kumsana mofatsa, malole ankabwerera m'mbuyo ngati aima, mitengo ya kanjedza inkasanduka mzere umodzi wobiriwira. Mkati munali zii, fungo la chikopa lokhalokha ndi la mafuta opaka m'mutu a amuna awo.

"Mukuona chiyani?"

"Minda ya mpunga. Akakowa ambiri, oyera. Uko phiri lavala mtambo."

"Lija lokumbidwa mbali imodzi?"

"Lomwelo."

"Ndaliona," ankatero, maso ali chitsinzinire.

Ankafika mpaka ku Ipoh kukangomwa khofi, n'kubwerera. Munthu waimvi mutu wonse, Mayi Gaik Sim anazindikira kuti amakonda liwiro, ndipo analibe nazo manyazi. M'galimoto mmenemo ndi mmene anakondana bwino kuposa zaka zonse za shopu.

"Mayi?" anabwereza a Saw.

"Musaikemo dalaivala. Kumeneko maso..." Anadzigwira. "Kumeneko aziyendetsa okha."

Boon Teik anakweza mapewa. "Chabwino. Ya mapepalayo ndagonja."

Pa chakudya cha masana Mayi anayesa. Anaikira Boon Teik mutu wa nsomba m'mbale, mbali imene amaikonda, kenako anati, "Bwanji galimoto ija ikhale kaye?"

"Ikhalire ndani, Amayi? Galimoto ngati ija ikangoima imafa. Batire limatha, matayala amaphwa. Ndipo inu tikukutengani, simungatsale nokha m'chinyumba chino. Kunyumba kwathu ya m'mwamba ija malo oimika galimoto ndi amodzi."

"Ndangoizolowera."

"Mwaizolowera?" anaseka Phaik Leng. "Amayi inu! Ababa atangoigula munkagwira chitseko ndi manja awiri, mukuitana milungu yonse maina."

"Ndi zakale zimenezo."

"Tikugulirani mpando wabwino wosisita msana," anatero Boon Teik mokoma mtima. "Muzipuma, mwavutika."

Mayi anafuna kuulula. Kungoti ine ndimaiyendetsa, nkhani ikanathera pomwepo. Koma ana akanafunsa kuti chifukwa chiyani, ndipo bambo awo, amene anafa ali mkango m'maso mwa ana ake, akanasanduka nkhalamba yopapasa makoma. Mayi anakwiya. Anakwiyira ana, ndipo anakwiyira kwambiri mwamuna amene anawamanga pakamwa n'kudzipitira. Anadzuka kukatenga supu amene palibe anamufuna.

Anawotcha katunduyo pabwalo la kuseri kwa kachisi, madzulo dzuwa litapendeka. A Saw anali atachita zawo ndithu: galimoto yobiriwira, yonyezimira, mphuno yaitali, nambala yomweyo, mpando wa kumanja wopanda munthu. Wansembe analiza belu, achibale anazungulira mulu wonsewo akumenya pansi ndi timitengo kuti mizimu yongoyendayenda isabe kanthu. Moto unayamba ndi denga la nyumba, unatsikira kwa antchito, ndipo utafika pa galimoto inachita ngati yanyamuka pang'ono, matayala akutsogolo ali m'mwamba. Phulusa linakwera, linapendekera kunyanja.

Mayi anawaona amuna awo m'utsi umenewo, maso ali gwa ngati kale, chigongono chili pawindo, msewu wopanda malole ukupita osatha. "Muyende bwino," ananong'ona. "Inu mwapeza yanu. Nanga ine mwandisiyira chiyani?"

Tsiku lotsatira, ana ali kumsika, Mayi analowa m'galaja. Anachotsa nsapato zawo zoyendetsera zimene ankabisa pansi pa mpando, anakankhira mpandowo m'mbuyo, anakweza galasi loonera kumbuyo kuti lifanane ndi munthu wamtali. Anakhala pamenepo kanthawi, miyendo ikulendewera osafika pansi, akulira mwakachetechete.

Loweruka m'mawa Boon Teik anatuluka ndi makiyi akuwazunguza pachala. Ankayesa kuonetsa nkhope ya maliro, koma chimwemwe chinkatulukira m'makutu. Ulendo wonse wa ku Kuala Lumpur, yekha, pa chiwongolero chimene anachilakalaka kuyambira tsiku limene chinafika!

"Mufike nayo yathunthu," anatero Phaik Leng. "Ababa akukuonani."

"Iwe, ine ndinayamba kuyendetsa iwe ukuyamwa chala."

Analowa, n'kusisita chikopa cha chiwongolero. Pachitseko panali mabatani awiri. Galimoto zoterezi zimakumbukira anthu ake: ukadina batani lako, mpando, chiwongolero ndi magalasi zimabwera pamene umazikonda. Loyamba linali la a Cheng Hock, munthu wa miyendo yaitali. Lachiwiri ndi limene Mayi ankadina, ndipo mtima wawo unagunda poona chala cha mwanayo chikuyandikira.

"Loyamba ndi la Ababa," anatero Boon Teik. "Ndikhaleko mmene ankakhalira iwo."

Anadina. Mpando unayamba kuyenda. Unapita kutsogolo, unakwera, unapitabe kutsogolo, magalasi a m'mbali akuweramira pansi. Mawondo a Boon Teik anagunda chiwongolero, mutu unakhudza denga.

"Aaa! Ikundipinda iyi!"

Phaik Leng anaseka mpaka kugwira khoma. "Yakukanani, achimwene! Dinani linalo."

Anadina lachiwiri. Palibe chinasuntha. Anadinanso loyamba, kenako lachiwiri, koma mpando unali pomwepo. Mabatani onse awiri ankakumbukira munthu mmodzi, ndipo munthuyo anali wamfupi. Kuseka kwa Phaik Leng kunazilala. Boon Teik anatembenuza mutu movutikira, anayang'ana mayi ake kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Amayi?"

Iwo sanamumve. Maganizo awo anali ku Ipoh, ulendo wawo womaliza a Cheng Hock asanagonekedwe m'chipatala. Pobwera kosamba m'manja Mayi anawapeza ataima mbali ya dalaivala, chitseko chili chotsegula, akupapasa ndi zala mpaka kanthu kanalira kuti pii. Atawafunsa chimene ankachita, anati akupukuta fumbi. Munthu wosaona n'kumaona fumbi! Kani anali akudzifufuta pa batani loyamba, malo awo n'kuwapereka kwa akazi awo.

"Kuyambira liti?" anafunsa Boon Teik, mawu ali pansi.

"Ine ndinalumbira," anatero Mayi. "Sindinanene kanthu. Anena okha."

"Maso aja," anatero Phaik Leng, dzanja lili pakamwa. "Chaka chatsopano chija anathira tiyi pambali pa kapu, n'kunamizira ketulo..."

Boon Teik anatuluka chammbali, mwendo umodzi kenako wina. Anaima kanthawi akuyang'ana makiyi m'dzanja lake, kenako anawapereka ndi manja awiri.

"Wa ku Kuala Lumpur uja ndimuuza kuti eni ake akana," anatero. Anapukuta maso ndi mkono wa shati, anazungulira mphuno yaitali ija, n'kukakhala kumanzere.

Mayi Gaik Sim anavula masilipasi, anawasiya pansi m'galajamo, n'kulowa. Msana unapeza malo ake, phazi linafika bwinobwino, geti linaoneka pakati penipeni pa galasi. Asanalize injini anatambasula chala, n'kudina batani loyamba. Mpando sunasunthe n'komwe.