Chilombo cha Lachisanu

"Tavala tikuone," anatero Sameer, akukankhira katoni kwa Maclean ndi phazi.

Anali m'chipinda chosungiramo mipando, kuseri kwa hotelo ina ya ku Jumeirah, mumzinda wa Dubai, kumene Maclean ankagwira ntchito yaulonda. Sameer ndiye ankayang'anira zosangalatsa alendo. Chaka chimenecho anayambitsa zoti Lachisanu lililonse masana antchito azivala zakwawo n'kumavinira alendo akudya m'mbali mwa dziwe losambiramo.

Maclean anatsegula katoni ija. Munali chigoba cha gule wamkulu, chofiira, nthenga zake zitapindika. Sichinali cha pamsika wa ziboliboli ayi. Mkati mwake munali mutada ndi thukuta, ndipo chinkamvekabe fungo la utsi wa kudambwe.

"Mwachitenga kuti ichi, bwana?"

"Kwa wogulitsa zakale ku Bur Dubai. Akuti n'chakwanu. Uvine pang'ono, kenako uvule kuti alendo ajambulitse nawe. Amakonda kuona nkhope."

"Bwana, ichi si chovala wamba. Chikatuluka pabwalo, amene ali mkatimo si munthu. Sichivulidwa pagulu."

Sameer sanakwiye. Anangomusisita paphewa. "Habibi, m'bale wanga, wa ku Nepal akuvina, wa ku Philippines akuvina. Ukakana ndipatsa Mkenya wa kukhitchini uja. Komanso kontirakiti yako ikutha mwezi wamawa, eti? Khalas, nkhani yatha, tionana Lachisanu."

Kukantini Maclean anangoyang'ana mpunga wake osaudya. Usumani, dalaivala wa ku Mangochi amene ankagona naye chipinda chimodzi, anamva nkhaniyo n'kuseka mpaka kutsamwa.

"Achimwene, si inu munkalira Dubai usana ndi usiku? Walira mvula walira matope. Kapena ndivale ine?"

"Iwe wosalowa gule? Usaseke, Usumani. Ine anandilowetsa ndi malume anga. Ndinalumbira."

"Malume anuwo ali ku Dedza, pasipoti yanu ili mu ofesi ya Sameer. Kwa eni kulibe mkuwe. Ana aja kumudzi adya lumbiro?"

Patebulo pomwepo panali Xiulan, mayi woyeretsa zipinda wochokera kumapiri a ku China. Chichewa sankachimva, koma nkhope ya Maclean anaimva. Mayiyu Lachisanu lililonse ankavala chisoti cholemera chasiliva n'kumaimba atanyamula kabotolo ka mowa wa mpunga. Maclean atamufotokozera m'Chingerezi chawo chothyokathyoka, mayiyo anaika pansi timitengo take todyera.

"Kwathu kuli nyimbo imene mkwatibwi amaimba potuluka m'nyumba ya mayi ake," anatero. "Amaimba kamodzi pa moyo wake, mudzi wonse n'kulira. Atatilambulira msewu, kunayamba kubwera mabasi a alendo. Akuluakulu anati tizichita ukwati tsiku lililonse kuti alendo aone. Mkwatibwi ndinali ine, chisoti chasiliva chili kumutu. Basi ikaima, ine kulira. Basi ina, kuliranso."

"Ndiye unkakwatiwa ndi ndani?" anafunsa Usumani, akusekabe.

"Aliyense wotsika basi. Koma ukwati wanga weniweni utafika, ndinaimba bwino kwambiri, maso ali gwa, ndikufunafuna kumene kuli kamera. Mayi anga sanalire. Anali atazolowera kundiona ndikupita." Anatolanso timitengo tija. "Ndinabwera kuno kuthawa chisoti chimenecho. Ndinachipeza chikundidikira."

Usumani anasiya kuseka.

"Ndiye ndichite chiyani, mlongo?" anafunsa Maclean.

"Sindikudziwa. Lachisanu loyamba limapweteka. Koma uope limene lidzasiye kupweteka."

Maclean anaganiza masiku onse otsalawo. Akakana, chigoba chivalidwa ndi munthu wosadziwa kanthu, iye n'kukwera ndege chimanjamanja. Akachibisa, amuyesa wakuba, ndipo wakuba kuno sachedwa kuona ndende. Pomaliza anadziuza kuti avala, koma savina gule weniweni. Angodumphadumpha ngati woledzera, zakudambwe zikhale kudambwe.

Lachisanu dzuwa linali likuswa mtengo. Sameer anaika kaseti ya ng'oma za dziko lina, zosadziwika n'komwe. Maclean anatuluka akudumphadumpha monga anakonzera. Koma fungo la utsi lija litamulowa m'mphuno, miyendo inakumbukira yokha. Anapalasa mchenga, fumbi koboo, chiuno chikunjenjemera ngati pa maliro a agogo ake. Alendo anasiya mafoloko.

Kaseti itatha anatembenuka kuti athamangire kuseri, monga chilombo chimabwerera kutchire. Sameer anamugwira mkono.

"Yalla, tiye, chithunzi!"

Anachikweza yekha chigobacho, ngati munthu wovundukula poto. Mphepo inamuomba Maclean kumaso. Alendo anaomba m'manja. Mayi wina wachizungu anamukoleka dzanja m'khosi, mwamuna wake akuyesa chigoba chija n'kumalira ngati nyani. Maclean anangoyang'ana mchenga.

Kontirakiti anamuwonjezera. Malume ake akafunsa pafoni, Maclean ankati ntchito yake ndi yaulonda, ndipo sankanama.

Patapita miyezi, Lachisanu lina kaseti itangotha, Maclean anavula yekha chigoba chija Sameer asanayandikire n'komwe. Anachikolowekera m'khwapa, n'kuonetsa mano kwa mlendo woyamba pamzere. Kutsidya kwa dziwe Xiulan anali ataima ndi chisoti chake chasiliva, akumuyang'ana. Maso awo atakumana, mayiyo anatembenuka n'kuyamba nyimbo yake ya mkwatibwi.