Alendo Zikwi Ziwiri a Rabson

Pa loji ina ku Kande, Rabson ndiye ankalandira alendo. Anali wa ku Dedza, ndipo popeza anaphunzirapo kompyuta miyezi itatu ku Lilongwe, mumtima ankadziyesa injiniya.

Mvula ya mu Febuluwale itakula, alendo anasowa. Ophika ankangosewera bawo kuseri kwa khitchini. Rabson anapita kwa Mayi Esnart, eni ake a lojiyo.

"Amayi, ndipatseni sabata ziwiri. Mabedi adzachepa pano."

"Muchita chiyani, ada?"

"Za intaneti, amayi. N'zovuta kufotokoza."

Anatola maadiresi a imelo paliponse: m'buku la alendo, m'makalata a mpingo, pa mndandanda wa aphunzitsi amene anachitirapo msonkhano pamalopo. Anakwana zikwi ziwiri. M'mawa uliwonse ankatumiza uthenga umodzi kwa onsewo, wa zilembo zikuluzikulu, wowaitanira ku Kande. Akatero ankatsamira mpando n'kuitanitsa tiyi.

Mayankho anabwera. Mzungu wina anafunsa amene anamupatsa adiresi yake. Mayi wa ku Zomba analemba kuti mwamuna wake anamwalira chaka chatha, asiye kumuitanira kunyanja. Uthenga uwu unamubaya Rabson, koma anadzilimbitsa mtima kuti malonda safuna manyazi. Ngakhale mkazi wake Tereza, namwino, anali pa mndandandawo.

"Bambo a Lusungu," anatero akuchokera kuntchito, "ine ndimagona ku Kande tsiku lililonse. Mukundiitaniranji?"

Sabata yachitatu kunabwera uthenga weniweni. Mayi Gertrude a ku Mzuzu ankafuna malo a anthu makumi awiri, a kwaya, Loweruka lotsatira. Rabson anayankha nthawi yomweyo, nayenda loji yonse akulengeza. Mayi Esnart anaitanitsa mpunga wa ku Limphasa, nsomba zinagulidwa, zofunda zinachapidwa.

Loweruka linafika, dzuwa mpaka kupendeka, osaoneka munthu. Mayi Esnart anaimba foni.

"Ife tili ku Chintheche," anatero Mayi Gertrude. "Tinadikira yankho lanu masiku anayi, osabwera."

Atafufuza mu imelo yawo, Mayi Gertrude anapeza yankholo lili m'bokosi la zinyalala. Anthu ambiri anali atadandaula za mauthenga a Rabson, choncho chilichonse chochokera ku lojiyo chinkatayidwa komweko chisanawerengedwe.

Nsomba zija anadya antchito. Rabson ankatafuna akuyang'ana m'mbale, ophika akumuwonjezera ndiwo mwaulemu wonyanya: "Idyani, a injiniya, alendo anu ndi amenewa."

Lolemba analawirira kuofesi, nalemba kalata yopepesa yabwino kwambiri, ya mawu osankhika. Mayi Esnart anamupeza chala chili pa batani.

"Imeneyo ikupita kwa yani?"

"Kwa onse, amayi."

"Onse angati?"

Rabson anayang'ana chala chake, nachibweza pang'onopang'ono.

"Mufuna mupepese anthu zikwi ziwiri powasokosanso," anatero mayiwo. "Fufutani mndandandawo ine ndikuona."

Anafufuta. Anangosunga adiresi imodzi, ya mayi wamasiye wa ku Zomba, namulembera mizere itatu. Sanayankhidwe, ndipo mpaka lero sadziwa ngati kalatayo inafika.

Lojiyo inatsegula adiresi yatsopano. Rabson anatha masana onse akumata timapepala pa timabuku totsatsa malonda kuti aphimbe yakale ija, zala zili nomenome ndi guluu.