Mwana wosalembedwa m'faelo

Tikhala anabwera ku Thyolo kuchokera ku Milanje, tsidya la Mozambiki, chaka chimene madzi anakokolola munda wake wonse. Kumbuyo anabereka Suwi, mwana wake yekhayo, wa zaka zitatu. Chiphaso cha unzika analibe, ndiye ku esiteti sakanamulemba ntchito yothyola tiyi. Msuweni wake Debora, wobadwira kwa Khwethemule, anamubwereka chake. Nkhope zawo zinali zofananako, ndipo akapitawo sanafunse zambiri poti tiyi anali ataphuka ndipo manja ankasowa.

Mvula ili pakati, Suwi anayamba kutentha thupi. Tsiku lachiwiri ankasanza ngakhale madzi. Tikhala analawirira naye ku kiliniki ya esiteti. Akalaliki a pawindo, a Goodson, anatulutsa faelo ya Debora, nkupezamo mayina a ana awiri aamuna, koma la Suwi munalibe. Anafotokoza mofatsa kuti kilinikiyo imathandiza antchito ndi ana awo olembedwa basi.

"Mayi, mwanayu ndi wanu?"

Tikhala anaona kuti akavomera, mafunso achuluka, ntchito itha, ndipo Debora akagona kupolisi. Anayang'ana pansi.

"Ndi wa achemwali anga."

A Goodson anamuuza kuti ayesere chipatala chaching'ono cha boma. Tikhala anayenda maola atatu m'matope, mwana akubuula kumsana. Kumeneko namwino anafunsa buku la kuchipatala, iye analibe. Anafunsa mudzi, iye anachita chibwibwi, Chilomwe cha kwawo nkumupulumuka m'kamwa. Namwinoyo anamvetsa kuti ndi wa tsidya lina la malire, koma sanamuthamangitse. Anamuyeza mwanayo nkupeza malungo aakulu. Kenako ananena motopa kuti jakisoni wa malungowo anatha sabata yatha, poti mankhwala amabwera mowerengera anthu a m'deralo, pamene odwala amachokera mbali zonse ziwiri za malire. Analemba kalata yopita kuchipatala chachikulu, koma ambulansi inalibe mafuta.

Tikhala anakhala pabenchi kudikira galimoto iliyonse imene ingadutse. Ankamupukuta Suwi ndi nsonga ya chitenje yonyowa, akumuyankhula Chilomwe. Dzuwa lisanapendeke mwanayo anakomoka kawiri, ndipo kachitatuko sanatsitsimuke.

Esiteti imapereka matabwa a bokosi ndi masiku a maliro mwana wa wantchito akamwalira. Tikhala sanapemphe, poti anali atanena yekha pawindo paja kuti mwanayo si wake. Amuna ake a Debora anazula chitseko cha khitchini nkukhoma kabokosi. Anamuika kwa Khwethemule, m'mphepete mwa manda a eni mudzi, pamaliropo pali anthu osakwana khumi.

Lolemba anabwerera m'munda ndi dengu kumsana, akapitawo nkumukalipira chifukwa chojomba masiku awiri. Iye anangoyamba kuthyola tiyi.

Kwawo sanatumize uthenga. Mayi ake okalamba akapeza munthu wowoloka malire, amamupatsira mtedza pang'ono m'kajumbo, nkufunsa ngati Suwi wayamba sukulu ya mkaka. Tikhala amayankha kuti ayamba chaka chamawa.