Ndevu za Alamu

Basi inamutula mdima utagwa kale. Msewu wake wachilendo. Nyumba zosanjikizana, zofanana ngati mapasa, manambala ofufutika. Anakwera masitepe olakwika kawiri. Kachitatu anamva kuseka kwa achemwali ake kuchokera pamwamba, ndiye anangotsata kusekako.

Anthu ankamutcha Chipeso. Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri akumeta anthu, matauni asanu ndi limodzi, chipeso chili pakhutu tsiku lililonse. Kukhazikika sankakudziwa. Tsopano mtima unali pamadzi. Sitima ina yaikulu yonyamula alendo inali itamusungira mpando wometera, koma kalata yawo sinapite m'mbali: abweretse satifiketi ya mayeso a Chingerezi mwezi usanathe. Kuwerenga anakhoza. Kulemba ndi kumvetsera, chimodzimodzi. Kulankhula ndiye anagwa kawiri. Mawa lake, eyiti koloko m'mawa, unali mwayi womaliza.

"Mwafika, a pamadzi?" anatero alamu ake potsegula chitseko. Munthu wamfupi, kalaliki wa kukhoti. Dazi lowala ngati mbale yotsuka kumene, koma ndevu za pamlomo zochindikala ngati bulashi ya nsapato.

"Tafika, alamu. Nyumba zanuzi n'zofanana zonse."

"Ndi maso anuwo. Lowani. Achemwali anu aphika ngati kukubwera timu ya mpira."

Kachipinda kochezera kanali kothina. Tebulo lake mwendo umodzi wochirikiza ndi katoni. Firiji yolira pakona. Yunifolomu ya unamwino ya achemwali itapachikidwa kuseri kwa chitseko. Anadya, anafunsana za abale. Mbale zisanachoke n'komwe, alamu anatulutsa timakadi todula ku katoni ya sopo, tolembedwa ndi dzanja.

"Ndafufuza zonse," iwo anatero. "Amakupatsa kakadi, ulankhule mphindi ziwiri osaima. Nkhani wamba, za tsiku ndi tsiku. Woyesa ndine. Kuyambira pano, ine ndi inu Chingerezi chokhachokha."

Achemwali anatchera nthawi pafoni. Alamu anakhala moyang'anizana naye, anapinda manja, anamuponyera maso akukhoti. Kakadi koyamba kankafunsa za nyengo ya kwawo.

Chipeso anayankha m'Chingerezi kuti kumatentha. Anawonjezera kuti nthawi zina kumagwa mvula. Basi. Zii. Firiji yokha ndiyo inapitiriza nkhani.

"Masekondi khumi ndi anayi," anatero achemwali.

Kachiwiri kankafunsa mmene amapitira kuntchito. Anati amayenda pansi. Anati si patali.

"Asanu ndi anayi. Iwe, ndiwe yemwe uja? Tili ana mayi ankakutuma kugolosale popanda chogula, kuti makutu awo apumeko."

"Mawu ndili nawo, achemwali. Ali apa." Anagwira pammero. "Koma munthu akangondiyang'ana m'maso, onse amabalalika."

Anadzuka. Kukhala pansi kunali kumuwawa. Anapita pawindo, anabwerera, anazungulira tebulo. Atafika kumbuyo kwa alamu anaima njii. Tsitsi lotsala m'mbali mwa dazilo linali lokwera uku, lotsika uku.

"Alamu, wakumetani ndani?"

"Achemwali anuwa. Ndi sizasi yodulira mabandeji."

"Mayo ine! Kunkhongo kuno ngati kwagona makoswe."

"Ndimawameta mwachikondi," anatero achemwali.

"Chikondi chake n'chokhota. Ndipatseni thaulo."

Zida sankazisiya, ngakhale popita kumaliro. Anatsegula chikwama. Thaulo pakhosi pa alamu. Achemwali anachotsa galasi la kubafa, n'kuliyedzamiritsa ku ketulo patebulo. Sizasi inayamba kulira, tseketseke.

Alamu anamuyang'ana m'galasimo. Mosasamala, ngati kasitomala wongofuna kucheza, anamufunsa m'Chingerezi ngati kwawoko kwatentha chaka chino.

Ndiye chinatseguka. Chipeso anayankha m'Chingerezi chomwecho, maso ali pakhutu la alamu. Anati kukatentha amuna amabwera kudzameta mpala, thukuta n'kumatseka makina. Anati mvula ikagwa shopu imadzaza ndi anthu obisala, onse kunamizira kuti ali pamzere. Anasimba za mkulu wina amene anathawira mvula katatu sabata imodzi, ndipo chifukwa cha manyazi anameta katatu konse. Mawu ena ankapunthwa, iye n'kuwazungulira, n'kupitirira. Foni inalira. Sanaimve. Achemwali anaisiya ilire, dzanja lili pakamwa.

"Mphindi zinayi ndi theka," iwo anatero atamaliza.

Sizasi inaima m'mwamba. Chipeso anadziyang'ana m'galasi. Zaka zonsezi sanachezepo ndi munthu maso ndi maso. Ankacheza ndi nkhongo, ndi makutu, ndi nkhope za m'galasi. Anaseka mpaka anatsamira firiji. Alamu anamenya tebulo, katoni ya kumwendo inathawa, ketulo inatsala pang'ono kugwa.

"Sekani," anatero achemwali akupukuta misozi, "koma mawa sakakulola kuima kumbuyo kwa woyesa ndi sizasi. Akakuitanira apolisi."

Kuseka kunazilala. Zinali zoona.

Alamu anadziyang'ana m'galasi. Chala chikusisita ndevu zija. Anali atazisunga zaka khumi ndi chimodzi, ndipo ngakhale sizasi ya mabandeji sinkaloledwa kufikako. Anapuma mozama.

"Chotsani galasilo, mayi. Alamu, bwerani kutsogolo kuno. Ndevu sameta munthu ali kumbuyo."

"Alamu, ndevu zanuzo?"

"Pang'ono pokha. Nsonga zokha. Musandichititse kuganiza kawiri."

Chipeso anakoka mpando, anakhala moyang'anizana nawo, mawondo kugundana. Maso akukhoti aja anali pafupi kuposa kale. Alamu anakweza kakadi: munthu woyandikana naye nyumba. Sizasi inagwira nsonga. Mawu anatuluka monyinyirika, koma anatuluka. Za mayi wosoka zovala amene makina ake amadzutsa mdadada wonse. Mphindi imodzi ndi masekondi makumi awiri.

"Kena," anatero alamu, milomo osaigwedeza kwambiri.

Kakadi ka kumsika. Mphindi imodzi ndi theka. Ka masewera. Mphindi ziwiri kupereweza pang'ono. Kakadi kalikonse kankapita ndi ndevu zake. Mbali iyi ikafupika, inayo iyenera kulingana nayo. Pa kachisanu bulashi ija inali itasanduka mswachi. Pa kachisanu ndi chiwiri, kamzere ngati kojambula ndi pensulo. Chipeso anali akufotokoza za nsapato zake zoyamba kugula yekha, akuwayang'ana alamu m'maso mwenimweni, pamene anazindikira kuti palibenso chodula.

Anatenga lezala. Anamaliza ntchito.

Achemwali anakuwa. "Amuna anga abwerera! Ndinakwatiwa ndi awa ine! Munali kuti zaka zonsezi, bambo?"

Alamu anatenga galasi, anadziona, analibweza msanga. "Mawa pageti la kukhoti akandifunsa chiphaso."

"Pepani, alamu."

"Pepani wa chiyani? Mphindi zingati, mayi?"

"Ziwiri ndi theka."

"Ndiye zapita bwino. Tamverani, alamu. Woyesa aliyense ali ndi mutu. Mukalowa, muuyang'ane. Muganize mmene mungaumetere. Ameneyo ndi kasitomala basi, wangokhala molakwika."

"Nanga akakhala wadazi ngati inu?"

"Nsidze ali nazo."

Naini koloko isanakwane achemwali anazimitsa nkhani. Anamuyalira pasofa, miyendo kulendewera. Anagona ngati mwana.

Kunja kukuyera kumene, anali atasamba kale. Malaya oyera, ositidwa ndi alamu. Anafufuza chikwama cha zida. Palibe.

"Ndabisa," anatero achemwali akumanga lamba wa yunifolomu. "Ndi chipeso chomwe. Bweretsa." Anachizula pakhutu pake. "Udzazipeza madzulo."

Khutu linamva mphepo. Manja analibe pogwira. Anawalowetsa m'thumba, anawatulutsanso.

Alamu anamuperekeza kokwerera basi, mlomo wapamwamba uli mbee, chala chikupitabe pamene panali ndevu. Mashopu anali asanatsegule. Mayi wina ankasesa pakhomo pa famase. Atafika, alamu anaima patsogolo pake, anapinda manja, anabweza nkhope yakukhoti. M'thumba la jekete anatulutsa kakadi kotsiriza: munthu amene anakuthandizanipo.

Maso awo anali pa iye, manja ake opanda kanthu. Chipeso anayang'ana dazi. Anayang'ana m'mbali mmene anakonza dzulo, mzere woongoka bwino. Anatsikira m'maso.

Anayamba, m'Chingerezi. Anati ali ndi mlamu wamfupi, wa kukhoti. Anati munthuyo anali ndi chuma chimodzi chokha pankhope pake. Anafotokoza kukula kwake, mtundu wake, mmene chinkagwirira thovu la tiyi. Alamu anayesetsa kuumitsa nkhope, koma popanda ndevu kumwetulira kunalibe pobisala. Foni inalira m'dzanja lawo. Chipeso sanaime. Basi inafika, chitseko chinatseguka, iye akusimbabe za kakadi kachisanu ka dzulo.

"Zakwana, alamu! Kwerani! Zinazo mukauze woyesa!"

Anakwera. Anatulutsa mutu pawindo kuti amalize chiganizo.

"Mukagwa," alamu anakuwa basi ikunyamuka, "mudzandibwezere ndevu zanga!"

Chipeso anakhala pansi akuseka. Mpando wake unali woyang'anizana ndi bambo wina wachikulire wa chikwama cha mapepala. Bamboyo anamuyang'ana m'maso. Chipeso sanathawitse ake. Tsitsi la imvi, lofunika kuchepetsa pang'ono pamwamba pa makutu.

"Mwadzuka bwanji, bambo?" iye anatero. "Lero kutentha, mukuona bwanji?"